Momwe mungasamalire mwana wa chikanga pophatikiza za kuchipatala ndi za pakhomo

Mwana wa chikanga mumamudziwa usiku. Masana amathamanga ndi anzake ngati palibe kanthu, koma nyali ikangozima kukanda kumayamba, kwe kwe kwe, mpaka mayi atopa n'kumugwira manja. M'mawa mupeza timadontho ta magazi pachofunda, mwana maso ali psuu, mayi nawo akusinza. Ndiye alangizi amachuluka. Agogo akuti pakufunika mphini, a neba akuti mumusiyitse mazira, wapamsika akukuonetsani kachubu koti kamachotsa zonse m'masiku atatu.

Ine ndinadutsamo ndi mwana wanga woyamba, ndipo ndalama zambiri ndinatayira pa zinthu zosathandiza. Chimene chinadzatipulumutsa ndi chinthu chotopetsa kumva: kudzola mafuta tsiku ndi tsiku, mankhwala a kuchipatala pa nthawi yake, ndi kusintha tizinthu tingapo m'nyumba. Za pakhomo zimathandiza mankhwala, sizilowa m'malo mwake.

Yambani ndi kutsimikiza kuti ndi chikangadi

Chikanga, chimene achipatala amachitcha eczema kapena atopic dermatitis, si matenda opatsirana. Khungu la mwanayo limalephera kusunga madzi, ndiye limauma, limang'ambika timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo sopo, fumbi ndi thukuta zimalowa n'kuyambitsa kuyabwa. Nthawi zambiri chimayamba mwana asanakwane zaka 5, ambiri asanathe n'komwe chaka. Chimakonda mabanja amene muli mphumu kapena chimfine chosatha cha fumbi.

Kwa khanda chimatuluka m'masaya, pamphumi ndi kunja kwa mikono ndi miyendo. Mwana akakula chimasamukira mopinda: mkati mwa chigongono, kuseri kwa bondo, m'khosi ndi polumikizira dzanja. Zithunzi zambiri za pa intaneti zimaonetsa khungu lofiira chifukwa ndi za ana a khungu loyera. Pa khungu lakuda malowo amada kwambiri kapena kutuwa ngati phulusa, nthawi zina amachita timatotupa ting'onoting'ono, ndipo pokandidwa kawirikawiri pamakhuthala.

Musasokoneze ndi mphere. Mphere zimagwira pakati pa zala, m'chiuno ndi kumaliseche, ndipo posachedwa nyumba yonse imayamba kukanda. Chipere chimachita mabala ozungulira ndi kuthothola tsitsi. Mankhwala a matenda atatuwa ndi osiyana, ndipo odzola a chikanga amakulitsa chipere. Choncho tengani mwanayo ndi buku lake la kusikelo, achipatala amuone musanagule kanthu.

Kusamba

Kamodzi patsiku n'kokwanira, madzi ofunda pang'ono osati otentha, mphindi 5 mpaka 10. Chinkhupule chisiyeni. Timakonda kuganiza kuti kutuwa ndi litsiro loti likhulidwe, koma apa kukhula ndi kuwonjezera bala. Sopo wochapira zovala, sopo wonunkhira ndi uja wolembedwa kuti amapha majeremusi onse amaumitsa khungu. Ngati mukugwiritsa ntchito sopo, akhale wosanunkhira, ndipo apite pokhapo pamene pada: m'khwapa, m'manja, kumapazi ndi mothewera. Pomupukuta, ingogundagundani ndi kansalu kofewa, khungu litsale ndi chinyontho.

Kudzola: apa ndiye pagona nkhani

Mwana akangotuluka m'beseni, mphindi 3 zisanathe, mudzozeni thupi lonse, osati pa mabala pokha. Mafuta amatsekera madzi aja m'khungu. Mukachedwa mpaka khungu liume, mwataya mwayi wa tsikulo.

Mafuta ake si odula ayi. Vaseline wamba, woyera, wopanda fungo, ndi m'modzi mwa abwino kwambiri. Ma losheni amadzimadzi onunkhira maluwa amauma msanga ndipo ambiri amayabwitsa. Chimene ambiri timalakwitsa ndi muyezo. Malangizo a ku Britain amati mwana wa chikanga cha thupi lonse amafunika magalamu 250 mpaka 500 a mafuta pa sabata. Ine nditamva izi ndinaseka, poti kabotolo kamodzi kankatitha mwezi wathunthu. Mwina simungafike pa muyezo umenewo, koma dziwani kuti kupaka pang'ono ngati mukudzoza mwana wopita kutchalitchi sikukwanira. Ayenera kunyezimira. Dzozani kawiri patsiku osachepera, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo imaumitsa ngakhale milomo ya akulu, muwonjezere kachitatu ndi kachinayi.

Tapani mafuta ndi sipuni yoyera, chifukwa chala chimene chakhudza chilonda chikalowa m'botolo chimasiyamo majeremusi. Pakani motsetsereka, kutsata kumene tiubweya tagonera, osati kutikita mozungulira. Ndipo khungu likasalala musasiye. Apa m'pamene tonse timagwera: mwana wachira, botolo laikidwa pawindo, pakatha milungu iwiri kukanda kwabwerera.

Mafuta oyera otchedwa aqueous cream amene amapezeka m'ma famase ambiri ali ndi mankhwala a sopo otchedwa sodium lauryl sulphate. Angagwire ntchito posamba m'malo mwa sopo, koma osamusiya pakhungu ngati mafuta odzola, chifukwa ana ambiri amawawotcha.

Nanga mafuta a zomera? Si onse ofanana, ngakhale onse amatchedwa achilengedwe. Kafukufuku wa ku Sheffield, ku Britain, wa 2013 anapeza kuti mafuta a olivi amafooketsa khungu pamene a mpendadzuwa saliwononga. Wina wa ku Philippines wa 2014, wochitidwa pa ana, anapeza kuti mafuta a kokonati osayengedwa amachepetsa chikanga. Ndiye ngati mukufuna za m'munda, sankhani a mpendadzuwa kapena a kokonati, oyera, osati otsala pokazinga mandasi. Yesani kaye pa kamalo kakang'ono kuseri kwa mkono masiku angapo. Mafuta a mtedza musapake pa khungu long'ambika la khanda, chifukwa kudzera m'ming'alu ija thupi likhoza kuyamba kudana ndi mtedza, mwana n'kumadzatupa akaudya.

Chenjezo limodzi limene sililembedwa mokwanira: zovala ndi zofunda zimene zamwa mafuta a Vaseline zimayaka msanga. Mwana wodzola asakhale pafupi ndi mbaula, kandulo kapena moto wa nkhuni, makamaka m'nyengo yozizira pamene tonse timaunjikana kuotha. Kuchapa kumachepetsa mafutawo koma sikuwachotsa onse.

Chikabuka, musaope mankhwala a kuchipatala

Mafuta amateteza, koma malo akatupa ndi kuyabwa kwambiri pamafunika mankhwala odzola a gulu la steroid, amene amachepetsa kutupa ndi kuyabwa. Kwa ana aang'ono ndi kumaso, achipatala amakonda kupereka hydrocortisone wa 1%. Amphamvu ngati betamethasone ndi a pathupi pamene pakhuthala, kwa masiku owerengeka, ndipo sapakidwa kumaso kapena mothewera pokhapokha dokotala atanena.

Makolo ambiri amamva kuti mankhwalawa amapyapyalitsa khungu, ndiye amapaka kachidutswa kosaoneka masiku awiri n'kusiya. Chikanga sichizima, ndipo amati mankhwala sagwira. Muyezo wake ndi uwu: finyani mankhwala kuchokera kunsonga ya chala chanu cholozera mpaka pa mzere woyamba. Amenewo ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo amakwana malo aakulu ngati zikhatho zanu ziwiri. Pakani pa malo odwala pokha, kamodzi kapena kawiri patsiku monga mwauzidwira, kawirikawiri kwa masiku 7 mpaka 14, kufikira mukamasisita pamveke posalala. Siyani mpata wa mphindi ngati 30 pakati pa mankhwala ndi Vaseline kuti asasungunulane. Kupyapyala kwa khungu kumabwera ndi mankhwala amphamvu opakidwa miyezi yambiri popanda woyang'anira, osati ndi hydrocortisone wa milungu iwiri.

Oopsa enieni ndi machubu a pamsika ndi mafuta oyeretsa khungu. Ambiri amakhala ndi clobetasol, steroid wamphamvu zedi. Mwana amasalaladi m'masiku atatu monga wogulitsa analonjezera, koma mukasiya chimabwerera ndi ukali, ndipo pa khanda mankhwalawo amalowa mpaka m'magazi. Ngakhale mafuta ena olembedwa kuti ndi a zitsamba zokhazokha anapezeka kuti anathiridwa steroid mobisa. Chubu chopanda dzina la zimene zili mkati chisafike pa mwana.

Fufuzani zimene zimachidzutsa

Izi zimasiyana mwana ndi mwana, ndiye khalani ngati wapolisi. Juzi yaubweya yokhudza khungu, yunifolomu ya nayiloni, thukuta la mu Okutobala, fumbi la posesa, utsi wa kukhitchini, mafuta onunkhira a amayi amene amubereka kumbuyo. Mkati muvekeni za thonje, juzi ibwere pamwamba. Zovala za kaunjika zichapidwe asanavale, ndipo zovala zonse muzitsukuluza kawiri kuti sopo waufa achoke. Kwathu chinali bulangete lokhuthala limene agogo ake anamugulira mwachikondi. Titayala nsalu ya thonje pansi pake, tulo tinayamba kutalika.

Za chakudya, pitani pang'onopang'ono

Apa ndili ndi mawu olimba. Ana ambiri a chikanga alibe vuto ndi chakudya, ndipo kumuletsa mwana mazira, mkaka, usipa ndi nsinjiro nthawi imodzi ndi kumuitanira kunyentchera, kumene n'koopsa kuposa chikangacho. Kupewa chakudya popanda chifukwa kungachititsenso thupi kudzadana nacho pambuyo pake. Khanda liyamwe bere lokha miyezi 6, ndipo mayi woyamwitsa asadzimane zakudya.

Chakudya chimene chilidi ndi vuto chimadzionetsa: mwana akadya, pasanathe maola awiri milomo kapena maso atupa, thupi lachita ziwengo, kapena wasanza, ndipo zimabwereza nthawi iliyonse. Zikatero siyani chakudya chimodzicho ndipo mukafotokoze kuchipatala. Akabanika kupuma, thamangani nthawi yomweyo. Makapusozi odula a mafuta a chomera chotchedwa evening primrose amene amatsatsidwa pa Facebook anayesedwa ndipo sanaonetse phindu pa chikanga. Ndalamayo gulani Vaseline.

Usiku

Wengani zikhadabo zikhale zazifupi ndi zosalala. Kumukalipira kuti asiye kukanda n'kungotaya mawu, mwiniwakenso sakufuna kukanda. Muphunzitseni kupsinja kapena kumenyamenya pang'ono pamalo poyabwa, kapena ikanipo kansalu konyowa ndi madzi ozizira. Wamkulupo mukhoza kumupatsa ntchito yodzidzoza yekha mikono, amanyadira. Kunyozedwa kusukulu ndi nkhawa zimakulitsa kuyabwa, choncho kaonaneni ndi aphunzitsi muwauze kuti si mphere, asamukhazike payekha.

Usiku wovuta kwambiri, mukamudzoza, muvekeni kamalaya ka thonje konyowetsedwa ndi madzi ofunda n'kufinyidwa bwino, pamwamba pake kouma, kwa maola angapo. Kumaziziritsa ndi kufewetsa. Musachite izi pa zilonda za mafinya, pa khanda laling'ono kapena kukuzizira kwambiri, ndipo ngati mwapaka steroid funsani kaye achipatala chifukwa chinyontho chimawonjezera mphamvu yake. Piriton sachiza chikanga, amangogonetsa, ndipo makanda sapatsidwa popanda dokotala.

Za mphini ndi zitsamba

Agogo akamanena za mphini amanena mwachikondi, ndipo kuwayankha mwachipongwe sikuthandiza. Afotokozereni kuti khungu la mwanayu lang'ambika kale, lezala ikungotsegulira majeremusi khomo lina. Chimodzimodzi phulusa, mandimu, adyo, mchere ndi masamba osinja: pa khungu lotseguka zimawotcha. Ine ndinawapatsa amayi anga udindo wodzoza mdzukulu wawo madzulo aliwonse, ndipo nkhani ya mphini inathera pomwepo. Manja awo anali odekha kuposa anga.

Pamene simuyenera kudikira

Mabala akayamba kutuluka madzi, kuchita nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, mafinya, kapena mwana watentha thupi, ndiye kuti majeremusi alowa ndipo pafunika mankhwala ena. Choopsa kwambiri ndi timatuza tambiri tofanana, tobooka pakati, towawa, tofalikira msanga, makamaka kumaso. Kameneko ndi kachilombo ka herpes, komwe kamayambitsa zilonda za pamilomo, ndipo mwana ayenera kulandira mankhwala otchedwa aciclovir tsiku lomwelo. N'chifukwa chake munthu wa chilonda cha pamlomo asapsompsone mwana wa chikanga.

Ngati mwatsata zonsezi milungu ingapo popanda kusintha, kapena mwana sakukwera sikelo, pemphani kalata yopita kwa oona za khungu, pa chipatala cha boma lanu kapena ku zipatala zazikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Tengani machubu onse amene mwapakapo, ngakhale a pamsika aja, musachite manyazi. Jambulaninso mabalawo pa foni tsiku limene avuta kwambiri, chifukwa chikanga chili ndi khalidwe lozimirira tsiku lokaonana ndi dokotala.

Malo amene achira amatsala oyererako kapena akuda kuposa khungu lonse. Si zipsera, si khate, ndipo kawirikawiri si mankhwala amene achita zimenezo. Ndi chizindikiro cha kutupa kuja. Mtundu umabwerera wokha pakapita miyezi, inu muzingopitiriza kudzoza.