Momwe gulu lanu lingapemphere thandizo kwa madona (mabungwe opereka ndalama zothandizira)

Chichitikireni chilala cha 2024 magulu ambiri kuno ku Chipata, Katete mpaka ku Lundazi akufuna ndalama za dimba la pampu ya sola, nazale ya mitengo kapena njuchi, koma ambiri amathamangira kulemba kalata yopempha pomwe gulu lenilenilo kulibe. Madona sapatsa munthu mmodzi ayi.

Choyamba lembetsani gulu. Kilabu kwa Registrar of Societies, koparetivu ku ofesi ya makoparetivu pa boma. Setifiketi ikatuluka katengeni TPIN (nambala ya msonkho) ku ZRA, mutsegule akaunti ku banki m'dzina la gulu, osayinira akhale atatu, osati atcheya ndi akazi awo chabe.

Kenako malo. Ngati dimba lili pa nthaka ya mfumu katengeni kalata kwa amfumu yokhala ndi chidindo, chifukwa pampu ikangofika mwini munda amayamba kukumbukira malire a agogo ake.

Apa ndiye pali nkhani, yambani ndi zanu ndalama zisanabwere. Sonkhani olo K20 pamwezi, umbani njerwa, fesani mitengo ya gliricidia m'machubu, ndipo zonse zilowe m'buku, tsiku la msonkhano, amene anabwera, ndalama yalowa zingati yatuluka zingati, malisiti muwamate kumbuyo kwake. Alendo akabwera kudzaona gulu amafunsa buku limeneli, akapeza masamba onse alembedwa dzulo ndi bolopeni imodzi amadziwa, si ana.

Polemba pulopozo, kalata yopempha ija, pemphani chinthu chimodzi. Mukaika chigayo, mbuzi, chitsime ndi holo papepala limodzi ndiye kuti simunaganize. Bajeti ikhale ndi makotesheni (mapepala a mitengo ya katundu) a m'mashopu, munenenso kuti pampu ikafa thandizo litatha adzakonze ndani, ndi ndalama yochokera kuti.

Nanga mupita nayo kuti? GEF Small Grants Programme yomwe imayendetsedwa ndi UNDP, nthambi ya United Nations, imapereka ndalama pa ntchito zoteteza chilengedwe, muzidikira akalengeza. COMACO yomwe ili konkuno imaphunzitsa ulimi wosunga nthaka nkumagula nshawa, soya ndi uchi, kwa ine msika wotere umaposa cheke cha kamodzi. Muzifunsanso alangizi a zaulimi ndi a WDC (komiti ya chitukuko ya m'wadi), amamva msanga.

Wina akakutumizirani fomu pa WhatsApp nkumati tumizani kaye ndalama yolembetsera pa mobile money, ameneyo ndi wakuba, mublokeni.