Musanagule mankhwala, tembenuzani kaye tomato wanu

Matimati akayamba kuola m'dimba, ambiri timathamangira pa Bvumbwe kapena pa Luchenza kukagula mankhwala opopera. Dikirani kaye. Thyolani limodzi loolalo, mulitembenuze.

Ngati kuola kwayambira kumatako, kumene kunali duwa, ndipo pali chibanga chakuda, chophwa, cholimba ngati chikopa, pomwe masamba ali bwinobwino, amenewo si matenda ogwirana. Chipatsocho chinasowa mchere wa kashiyamu pamene chimakula. Mcherewu umakwera mu mbewu ndi madzi, choncho mukathirira lero mpaka kudikha, kenaka n'kusowa masiku anayi kumaliro dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, zipatso zoyamba zimapsa kumatako. Apa ngakhale mupopere mankhwala a Dithane mpaka sipuleya kutha, mwangotaya ndalama.

Chofunika ndi chinyezi chosadukiza. Thirirani patsinde, m'mawa, mwa ndondomeko, ndipo phimbirani ndi udzu wouma kuti nthaka isaume msanga. Polimira musakumbe pafupi ndi tsinde, mumadula mizu yomwera madzi. Feteleza wa Urea naye chepetsani; amakometsa masamba, zipatso n'kumalira. Pobereketsa, CAN ndi wabwinoko. Dothi lathu lambiri kuno ku Thyolo ndi la asidi, lija limakondedwa ndi tiyi, ndiye ndi bwino kuliyezetsa kudzera kwa alangizi, ndipo ngati pakufunika laimu wochepetsa asidi, sakanizani ndi dothi patatsala mwezi kapena kuposerapo kuti muwokere. Zipatso zomwe zagwidwa kale sizichira, zichotseni kuti zotsatira zikule bwino.

Koma ngati mabanga ndi ofiirira, olimba, onyezimira ngati pathiridwa mafuta, kawirikawiri kumapewa a chipatso, masamba ndi tsinde zikuda ngati zawauka ndi moto, chimenecho ndi chiwawu. Chimakonda nyengo ya chiperoni, ya nkhungu ndi mvula yamawawa, ndipo chimatha kusesa dimba lonse pa sabata imodzi. Apa ndiye mankhwala amagwira, makamaka mukayamba matenda asanafale: Dithane kapena a kopa, motsatira muyezo wa pa paketi komanso masiku odikira musanathyole. Imikani mitengo kuti zipatso zisagone pansi, thenani masamba a m'munsi, zodwala mukakwirire kutali ndi dimba. Chaka chamawa pamalopo pasabwerenso tomato kapena mbatata ya kachewere.

Mukapeza kabowo pachipatso, ching'ambeni. Muli mbozi, ndipo kuolako kwangolowera pakhomo lomwe yatsegula.