Mmene mungawerengere zimene mwana angatengere kwa makolo: pepala, pensulo ndi ndalama ziwiri zachitsulo

Chaka chilichonse ndikayamba kuphunzitsa za chibadwa, pamapezeka wophunzira wonena kuti, "Aphunzitsi, zimenezi zimayenda m'magazi." Sindifulumira kumutsutsa, chifukwa ngakhale akatswiri ankaganiza choncho kwa nthawi yaitali. Ankati za bambo ndi za mayi zimasakanikirana mwa mwana ngati utoto wofiira ndi woyera m'chitini chimodzi, ndipo zikatero sizingalekanenso. Charles Darwin, amene mu 1859 anafotokoza mmene zamoyo zimasinthira pakadutsa mibadwo yambiri, nayenso sankadziwa bwino njira imene zinthuzi zimadutsira kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana.

Amene anaitulukira ndi Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 anadzala nsawawa pafupifupi 28,000 m'dimba la nyumba ya ansembe, ndipo chimene chimandisangalatsa mwa iye n'chakuti ankawerenga. Anatenga mungu wa nsawawa zazitali n'kuika pa maluwa a zazifupi. Mbewu zonse zimene zinamera zinali zazitali, panalibe yapakatikati. Atazisiya kuti ziberekane zokha, m'badwo wotsatira unatulutsa zazitali 787 ndi zazifupi 277. Kufupika kuja sikunasungunuke, kunangobisala kwa m'badwo umodzi n'kutulukanso, pafupifupi pa mbewu imodzi mwa zinayi zilizonse. Anasindikiza zimenezi mu 1866, anthu sanalabadire, ndipo anamwalira mu 1884. Ntchito yake inadzadziwika mu 1900 pamene Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak anafika pa mfundo zofanana.

Inunso mukhoza kuona ndi maso zimene iye anaona, osadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Tengani pepala, pensulo, ndalama ziwiri zachitsulo ndi selotepi.

Muyambe ndi mfundo imodzi. Pa khalidwe lililonse lotere, chamoyo chimakhala ndi malangizo awiri, ena ochokera kwa mayi, ena kwa bambo. Malangizowa ndi amene timawatchula kuti majini, dzina lochokera ku liwu limene Wilhelm Johannsen anayambitsa mu 1909, ndipo silikukhudzana n'komwe ndi mizimu. Jini lina limalamulira, lina limabisala likakhala pamodzi ndi lolamuliralo. Lolamulira tililembe ndi chilembo chachikulu, T, kuimira kutalika. Lobisala likhale t. Nsawawa ya TT ndi yaitali, ya Tt ndi yaitalinso, ndipo ya tt yokha ndi imene imafupika. Kholo likamabereka limapereka chilembo chimodzi chokha mwa ziwiri zakezo, ndipo silisankha.

Tsopano jambulani bokosi, muligawe pakati chopingasa ndi choimirira kuti likhale ndi zipinda zinayi. Bokosili limadziwika ndi dzina la Reginald Punnett wa ku Cambridge, amene analiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Tinene kuti makolo onse awiri ndi a Tt, monga zinalili mbewu zazitali zimene Mendel anazisiya kuti ziberekane zokha. Pamwamba lembani zilembo za bambo, T pa mzere woyamba, t pa wachiwiri. Kumanzere lembani za mayi chimodzimodzi. M'chipinda chilichonse ikani chilembo cha pamwamba pake ndi cha kumanzere kwake. Mupeza TT, Tt, Tt ndi tt. Zitatu zazitali, chimodzi chachifupi, monga momwe Mendel anawerengera m'dimba muja.

Apa m'pamene ambiri amasokera, ndipo mpake kuti tikhalepo pang'ono. Munthu akaona zipinda zinayi amaganiza kuti ndi ana anayi, woyamba, wachiwiri, mpaka wachinayi. Ayi. Bokosi lonselo ndi la mwana mmodzi. Mwana wina akamabwera, bokosi limayambiranso, silikumbukira amene anabadwa kale.

Ndalama zija ndi zimene zimaonetsa bwino zimenezi. Pa ndalama iliyonse matani kapepala kolembedwa T mbali imodzi ndi t mbali inayo. Ina ndi mayi, ina ndi bambo. Ponyani zonse pamodzi, lembani zilembo ziwiri zimene zagwera pamwamba. Ameneyo ndi mwana mmodzi. Ponyani kanayi, limenelo ndi banja limodzi. Kenako pangani mabanja 25 otere, osafafaniza ngakhale zotsatira zikudabwitseni. Mudzaona mabanja ena alibe tt ngakhale mmodzi, ena ali ndi awiri kapena atatu. Koma mukaphatikiza ana onse 100, a tt amakhala pafupi ndi 25, mwina 21, mwina 29. Masamu ake amati pa mabanja 256 a ana anayi, pafupifupi 108 okha ndi amene amakhala ndi tt mmodzi ndendende, ndipo 81 sakhala naye n'komwe. Ndiye kuti "mmodzi pa anayi" uja sachitika ngakhale pa theka la mabanja. N'chifukwa chake Mendel ankafunika mbewu masauzande. Pa mtundu wa njere anawerenga zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001.

Ndimaumirira pa ndalamazi chifukwa bokosi lomweli limagwira ntchito pa anthu, ndipo kumeneko kulakwitsa kumapweteka. Titenge matenda a sickle cell. Chotsani mapepala aja, mulembe A ndi S. A ndi jini la magazi abwinobwino, S ndi limene limachititsa maselo ofiira a magazi kupindika ngati chikwakwa. Munthu wa AS nthawi zambiri sadwala ndipo mwina sadziwa n'komwe kuti ali nalo. Awiri a AS akakwatirana, bokosi limapereka AA, AS, AS ndi SS. Wa SS ndiye amadwala, choncho pa mimba iliyonse mwayi woti mwana abadwe ndi matendawa ndi umodzi pa inayi. Ndinamvapo kholo lina likunena kuti poti woyamba anabadwa wodwala, atatu otsatira adzakhala bwino. Ndinavutika mumtima, chifukwa ndalama yoponyedwa siidziwa mmene inagwera poyamba. Yesaninso AS ndi AA. Mupeza kuti palibe chipinda cha SS, ngakhale kuti theka la zipindazo ndi AS.

Chialubino chimayendanso motero nthawi zambiri. Mwana amalandira jini lobisala kwa mayi ndi kwa bambo omwe, ngakhale onse awiri akhungu lakuda. Onani chipinda cha tt chija: chilembo chimodzi chachokera pamwamba, china kumanzere. Palibe njira yodzadzira chipindacho ndi kholo limodzi, choncho kuloza chala mayi yekha n'kusadziwa. Pa nkhani ya mwana wamwamuna kapena wamkazi, lembani XX kumanzere ndi XY pamwamba, chifukwa munthu wamkazi amakhala ndi XX ndipo wamwamuna amakhala ndi XY. Mayi amapereka X nthawi zonse, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi X kapena Y wochokera mu umuna wa bambo.

Wophunzira wochenjera amafunsa kuti, ngati S amadwalitsa chonchi, bwanji sanathe padziko? Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza kuti anthu a AS amatetezeka kwambiri ku malungo oopsa kuposa a AA. Kumadera kumene malungo akhala akupha ana kwa mibadwo yambiri, a AS ankapulumuka ambiri, n'kukula, n'kupatsira ana awo S uja. Kusintha kwa zamoyo kumene Darwin ankanena ndi kumeneku: jini limachuluka kapena kuchepa pakati pa anthu malinga ndi amene akupulumuka n'kubereka. Zimatheka chifukwa majini sasungunuka ngati utoto, amadutsa athunthu.

Bokosili lili ndi malire ake, ndipo ndikupemphani muwalemekeze. Limagwira pa makhalidwe oyendetsedwa ndi jini limodzi. Kutalika kwa munthu, kuda kapena kuyera kwa khungu ndi maonekedwe a nkhope zimachokera ku majini ambirimbiri, ndipo kutalika kumadaliranso mmene mwana wakulira. M'maselo ake munthu ali ndi timaulusi 46 tonyamula majini, totchedwa makromozomu, theka kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo m'menemo muli majini pafupifupi 20,000. Musatenge zipinda zinayi n'kuyamba kukayikira nazo ngati mwana ndi wa bambo ake chifukwa sakufanana nawo.

Komanso bokosi limayankha molondola pokhapokha zilembo zimene mwalemba m'mbali zili zoona, ndipo AS sungamuzindikire pomuyang'ana. Ngati kumtundu kwanu kapena kwa mnzanuyo kunabadwapo mwana wa sickle cell, pitani nonse awiri kuchipatala mukapemphe kuyezetsa magazi kotchedwa haemoglobin electrophoresis. Zotsatira zikatuluka, lembani zilembo zanu pamwamba, za mnzanuyo kumanzere, mudzadze zipinda zinayizo, ndipo mutenge pepalalo pokakambirana ndi dokotala.