Kalembedwe ka mbiri ya mayi amene anali namwino komanso womenyera ufulu

Ife a kuno ku Joni, maliro a makolo nthawi zambiri amatipeza tili kutali. Basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza imatha masiku awiri panjira, ndiye ambiri timafika ataika kale, ena osanyamuka n'komwe chifukwa cha mapepala. Chotsala ndi mwambo wokumbukira umene timachitira konkuno, m'holo ya tchalitchi ku Rosettenville kapena pakhomo pa m'bale ku Diepsloot. Pa miyambo yotereyi anzanga amakonda kunditula ntchito yolemba mbiri ya malemu. Nayi njira imene ndimatsata ikakhala ya mayi amene anali namwino, amenenso sankatseka pakamwa akaona zokhota.

Yambani ndi za papepala, koma musachedwepo. Chaka chobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma, ndi kumene anaphunzira unamwino, kaya ku Kamuzu College of Nursing ku Lilongwe, kaya ku sukulu za mishoni monga Nkhoma, Malamulo kapena St Luke's ku Malosa. Zaka musachite kuganizira. Uzani wa kumudzi atsegule sutukesi ya mayi, ajambule masatifiketi ndi foni, akutumizireni. Zonsezi zikwane ndime imodzi basi.

Ntchito yeniyeni ili pa kufunsa anthu, ndipo funso loti "anali munthu wotani" lisiyeni. Aliyense adzakuyankhani kuti anali wabwino, wokonda anthu, woopa Mulungu, ndipo mbiri yanuyo idzafanana ndi ya wina aliyense amene anagona kumanda. Ine ndimatumiza mafunso atatu pa WhatsApp, n'kupempha kuti ayankhe ndi mawu, asalembe: Munaonana nawo koyamba pati? Anakukalipiranipo pa chiyani? M'chikwama chawo cha kuntchito munkakhala chiyani? Funso lachiwirilo anthu amayamba aseka kaye, kenako nkhani zimangotuluka zokha. Wina adzakuuzani za tsiku limene anam'bweza ku sikelo chifukwa khadi la mwana linali litanyowa ndi msuzi. Wina adzakumbuka atagogoda pawindo usiku wa mvula mkazi wake atayamba kudwala, mayiwo n'kutuluka ataponya chitenje pamwamba pa diresi logonera, tochi kudzanja, osafunsa kuti n'kutali bwanji. Musafunse abale okha. Sakani amene ankakolopa m'wodi mwawo, woyendetsa ambulansi, ndi anamwino achitsikana amene anawaphunzitsa kubaya jakisoni. Amenewa anawaona atatopa, chinthu chimene ana awo mwina sanachionepo.

Pa za kumenyera ufulu ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amazilemba padera ngati mayiwo anali anthu awiri. Taonani m'mene eni dziko lino amakumbukirira Albertina Sisulu. Anabadwa pa 21 Okutobala 1918 ku Transkei, nabwera ku Johannesburg mu 1940 kudzaphunzira unamwino pa chipatala chimene nthawiyo chinali cha anthu osakhala azungu. Anali m'gulu la amayi pafupifupi 20,000 amene anakafika ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 Ogasiti 1956 kukakana lamulo la ziphaso. Mu 1963 anakhala mayi woyamba kutsekeredwa pa lamulo losunga munthu masiku 90 osazengedwa mlandu, ndipo mu 1983 anasankhidwa kukhala mmodzi wa atsogoleri a UDF ya kuno, mgwirizano wa magulu olimbana ndi ulamuliro wa tsankho (osati chipani cha kwathu chija). Koma chimene chimakhala m'mutu mwa munthu ndi chithunzi cha mzamba akuyenda m'misewu ya Soweto atasenza sutukesi ya zipangizo pamutu, kulowa nyumba ndi nyumba kwa amayi oyembekezera, uku mwamuna wake Walter ali m'ndende ku Robben Island. M'nyumba zimenezo ndi mmene ankaona mavuto a anthu ndi maso ake, ndi mmenenso uthenga wa gulu unkadutsira. Atamwalira pa 2 Juni 2011 kunyumba kwake ku Linden, anthu anadzaza Orlando Stadium kudzatsanzika mayi, osati wandale chabe.

Mayi anu mwina sanalowepo m'chitokosi, palibenso msewu wotchedwa dzina lawo. Palibe kanthu. Fufuzani pamene anaimika phazi. Mwina anaimirira pamsonkhano wa akuluakulu n'kunena kuti salowanso m'chipinda chochiliramo amayi opanda magolovesi. Mwina anakatenga mtsikana wa Sitandade 7 ku ukwati n'kumubwezera kusukulu, akuchimuna akuwatukwana. Mwina ankatchula dzina la Edzi pa maliro nthawi imene ena onse ankangoti kaliwondewonde, kapena pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 ankanong'oneza amayi a ku sikelo za nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri. Lembani chimodzi kapena ziwiri, mufotokoze bwinobwino, munenenso chimene anataya nazo: kusamutsidwira ku chipatala cha kutchire, kudumphidwa pokweza anthu, kudana ndi abale. Mukabisa mtengo umene analipira, kulimba mtima kwawoko sikuoneka.

Pali ziwiri zoti musamale. Namwino amapita kumanda ndi zinsinsi za odwala, ndiye inu musazifukule. Dzina la munthu amene anamuthandiza lisatchulidwe pokhapokha mwiniwake atavomera, makamaka pa matenda amene anthu amachita nawo manyazi. China ndi zipani. M'holo mudzakhala anthu a mitundu yonse ya nsalu, choncho nenani zimene mayiwo anachita, msonkhano wa chipani muusiye panja.

Mukamaliza, musathamangire kusindikiza. Aimbireni amalume, eni mbumba, muwawerengere yonse pafoni, ndipo muyambe ndi kuti, "Malume, ndalembako pang'ono, mundikonze pamene ndaphonya." Adzachotsa china chimene inu mumachikonda kwambiri, zimenezo yembekezerani, koma bola kukangana Lachitatu kusiyana ndi kudzudzulidwa pagulu Loweruka.

Mbiri isapitirire mphindi zisanu ndi ziwiri poiwerenga. Iwerengedwe m'Chichewa, ndipo papulogalamu muikepo ndime yaifupi ya Chingerezi chifukwa cha zidzukulu zobadwira kuno, zimene Chizulu chimaziyendera bwino kuposa chiyankhulo cha agogo awo. Wowerenga asaime yekha. Pambali pake pakhale wina wogwira pepala lofanana, woti apitirize misozi ikatseka kukhosi. Patebulo, kuwonjezera pa chithunzi, ikanipo wotchi yawo ya pachifuwa ngati inasungidwa, ndi nsalu ya Mvano kapena Chigwirizano ngati anali a kumeneko. Maluwa apulasitiki ine sindiwakonda, koma zimenezo n'zanga.

Za tsiku: 12 Meyi ndi la anamwino dziko lonse lapansi, 15 Okutobala ndi la anakubala kwathu, koma loyenda bwino kuno ndi 9 Ogasiti, poti ndi holide ndipo ogwira ntchito m'nyumba za mabwana ambiri amakhala atapuma. Nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi n'chimodzimodzi, ndiye akumudzi akhoza kutsatira mwambo wonse pafoni. Muwatumizire ndalama ya bandulo dzulo lake, ndipo muwauze atchajiretu foni magetsi asanathime.