Mmene mungaphunzitsire mbiri ya dziko lapansi ndi chingwe cha mamita 46

Mphunzitsi akalemba pabolodi kuti dziko lapansi lakhalapo kwa zaka 4,540 miliyoni, ophunzira amakopera nambalayo m'makope mwawo bwinobwino, koma kawirikawiri sailowetsa m'mutu, chifukwa palibe munthu amene anawerengapo chinthu chilichonse mpaka kufika pamenepo. Njira yothandiza ndiyo kusandutsa zakazo kukhala mtunda umene mwana angauyende ndi mapazi ake. Zofunika ndi chingwe chotalika mamita 46, tepi yoyezera ya amisiri omanga nyumba, rula, nsanza zamitundumitundu, zidutswa za katoni zolembapo, zikhomo ziwiri, ndi thabwa losalala lotalika mita imodzi. Chingwe cha khonje ndi chabwino kuposa cha nayiloni, popeza cha nayiloni chimatamuka mukachikoka ndipo miyeso yanu imasokonekera.

Muyeso wake ndi wosavuta kukumbukira. Mita imodzi ikuimira zaka 100 miliyoni, sentimita imodzi ikuimira zaka 1 miliyoni, ndipo milimita imodzi ikuimira zaka 100,000. Tambasulani chingwecho pabwalo la mpira kuyambira pagolo, ndipo mudzaona kuti chikuthera chapafupi ndi pakati pa bwalo. Nsonga ya kugolo ikhale lero. Miyeso yonse muziyambira kunsonga imeneyi n'kumabwerera m'mbuyo, chifukwa akatswiri a miyala amawerenga zaka zapitazo kuchokera lero, ndipo mukayambira kwinako mudzakhala ndi ntchito yochotsera manambala pa chizindikiro chilichonse.

Nsanza yoyamba muimange pa mamita 45.4, pamene dziko linapangika kuchokera ku fumbi ndi miyala yozungulira dzuwa. Wophunzira watcheru adzafunsa kuti anthu anadziwa bwanji, ndipo funso limeneli musalithawe. Miyala ina imakhala ndi yureniyamu, yomwe ija ya ku mgodi wa Kayelekera, ndipo yureniyamuyo imasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro losasintha: theka la mtundu wotchedwa uranium-238 limasanduka pa zaka pafupifupi 4,470 miliyoni. Poyeza kuchuluka kwa yureniyamu yotsala ndi mtovu umene wapangika, munthu amadziwa msinkhu wa mwalawo. Mu 1956 Clair Patterson wa ku America anayeza mtovu wa m'miyala yogwa kuchokera kumwamba, imene inapangika nthawi imodzi ndi dziko, n'kupeza zaka pafupifupi 4,550 miliyoni, ndipo oyeza a pambuyo pake sanapite kutali ndi nambala imeneyi. Pano ndi pabwinonso kuwongola cholakwa chimene chafala, chakuti zinthu zonse zakale amaziyeza ndi carbon-14. Njira imeneyo imafika zaka pafupifupi 50,000 zokha, zimene pachingwe chathu ndi theka la milimita.

Pa mamita 44 ikani chizindikiro cha timiyala totchedwa zircon ta ku Jack Hills ku Australia, timene ndi zidutswa zakale kwambiri za dziko zimene zapezeka. Pa mamita 35 mangani nsanza yooneka bwino, pakuti apa ndi pamene pali umboni wa zamoyo m'miyala ya ku Pilbara, ku Australia komweko. Zinali zamoyo za selo imodzi, zonga mabakiteriya, zimene zinkayalana m'madzi osaya n'kumasiya timilu tamiyala tosanjikizana. Pa mamita 24 lembani kuti mpweya wa okosijeni unayamba kuchuluka mumlengalenga, chifukwa mabakiteriya ena anali atayamba kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga zomera zimachitira lero. Pakati pa mamita 19 ndi 20 mungaike Malawi koyamba, chifukwa miyala ya granite ya ku Nyika ndi ya msinkhu umenewo.

Kuchokera pamenepo auzeni ophunzira kuti ayende mwakachetechete motsatira chingwe, ndipo musawafulumizitse. Adzayenda mtunda wautali popanda mtengo, nsomba, nyerere kapena chilichonse chokhala ndi maso, ndipo ena adzayamba kufunsa ngati mwaiwala kumanga nsanza zina. Ine ndimaona kuti kuyenda kumeneku ndi kumene kumaphunzitsa kuposa zizindikiro zonse, chifukwa mwana amazindikira yekha kuti pa mamita 35 amene zamoyo zakhalapo, pafupifupi mamita 30 anali a tizamoyo tosaoneka ndi maso.

Zinthu zimayamba kuthinana pa mamita asanu ndi theka otsiriza. Pa mamita 5.39 pakuyamba nyengo yotchedwa Cambrian, pamene nyama za m'nyanja zokhala ndi zigoba, miyendo ndi maso zinachuluka m'kanthawi kochepa. Zomera zinayamba kumera pamtunda cha pa mamita 4.7, ndipo nyama zamsana zokhala ndi miyendo inayi zinatulukira m'madambo cha pa mamita 3.7.

Pa mamita atatu imani pang'ono, chifukwa apa dera lathu lili ndi zonena zambiri. Nthawi imeneyo Africa inali yolumikizana ndi South America, India, Australia ndi Antarctica m'chigawo chimodzi chachikulu chotchedwa Gondwana, ndipo kummwera kwa Africa kunali kokutidwa ndi madzi oundana. Madziwo atasungunuka, m'zigwa munamera nkhalango za m'madambo, makamaka za mtengo wotchedwa Glossopteris wa masamba onga lilime. Masamba ndi mitengo yogwera m'matope zinakwiririka, zinapanikizika, n'kusanduka malasha amene amakumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi ndiponso ku Moatize m'chigawo cha Tete. Ngati mungapeze chidutswa cha malasha, chiikeni pafupi ndi chizindikiro chimenechi, ndipo mufotokoze kuti n'chosiyana ndi makala a kumsika, amene ndi mtengo umene unali moyo chaka chomwechi. Masamba a Glossopteris apezeka m'miyala ya madera onse asanuwo, ndipo umenewu ndi umodzi mwa maumboni akuti maderawo anali pamodzi. Miyala ya nyengo imeneyi imatchedwa ya Karoo, dzina lochokera ku dera la ku South Africa kumene ili yambiri. Ku Chiweta, m'munsi mwa zitunda za Livingstonia, m'miyala yotereyi mwapezeka mafupa a nyama zotchedwa therapsid, gulu limene pambuyo pake munachokera nyama zoyamwitsa.

Pa mamita 2.52 mangani nsanza yakuda. Apa zamoyo zinafa kuposa nthawi ina iliyonse, moti mitundu yambiri ya m'nyanja inatheratu, ndipo akatswiri amati chochititsa chachikulu chinali chiphalaphala chimene chinatuluka pansi kwa nthawi yaitali ku Siberia n'kutenthetsa dziko. Nyama zotchedwa dinosaur zikuoneka koyamba cha pa mamita 2.3. Phiri la Mulanje muliike pa mamita 1.3: mwala wake unali chiphalaphala chimene chinazizira chikadali pansi pa nthaka, ndipo chinaonekera pamene mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa yochizungulira, n'kusiya Sapitwa ali pa mamita 3,002 pamwamba pa nyanja zamchere.

Chapafupi pomwepo, patsogolo pang'ono koma musanafike pa mita imodzi, ikani Malawisaurus, dinosaur wa khosi lalitali wodya zomera amene mafupa ake anakumbidwa m'dera la Mwakasyunguti ku Karonga. Sidney Haughton anafotokoza mafupa oyamba mu 1928, ndipo dzina lachiwiri la nyamayi, dixeyi, likukumbutsa Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland. Dzina lakuti Malawisaurus linaperekedwa mu 1993 ndi Louis Jacobs ndi anzake, ndipo Elizabeth Gomani, katswiri wa ku Malawi konkuno, anafotokoza dinosaur wina wa m'dera lomwelo, Karongasaurus, mu 2005. Sukulu zimene zingathe kufika ku Karonga zikaone chigoba cha Malawisaurus m'nyumba yosungira zakale ya kumeneko, imene inatsegulidwa mu 2004.

Mita yotsiriza musaiyeze pachingwe, chifukwa mfundo imodzi ya khonje ndi yonenepa kuposa mbiri yonse ya anthu. Gonekani thabwa lija pansi pa chingwe, nsonga yake ifanane ndi nsonga ya lero, ndipo muzilemba mizere ndi pensulo yosongoka. Mzere woyamba ukhale pa masentimita 66, pamene mwala waukulu wochokera kumwamba unagwa ku Chicxulub ku Mexico, ma dinosaur n'kutha kupatula mbalame, zimene ndi mbadwa zawo. Funsani ophunzira kuti ayeze ndi rula mtunda wa pakati pa mzerewu ndi munthu woyamba, ndipo adzaona okha kuti zithunzi zosonyeza anthu akuthamangitsidwa ndi ma dinosaur ndi nthano chabe.

Pa masentimita 2.4 lembani Uraha, mudzi wa m'boma la Karonga kumene mu 1991 gulu lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano chotchedwa UR 501. Chibwanochi amachiika m'gulu la Homo rudolfensis, ndipo ndi chimodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu wa Homo, umene ifenso anthu tilimo. Chinasungika m'mchenga ndi matope a m'mphepete mwa nyanja yakale, m'chigwa chomwechi cha nyanja ya Malawi, chimene chikung'ambikabe pang'onopang'ono mpaka lero, monga zivomezi za ku Karonga za mu December 2009 zinasonyezera. Munthu wonga ife, Homo sapiens, akuyamba pa mamilimita atatu okha, malinga ndi mafupa a zaka pafupifupi 300,000 a ku Jebel Irhoud ku Morocco. Ulimi wonse wa padziko, wa zaka pafupifupi 10,000, ukukwana m'gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo mzere wa pensulo ndi wonenepa kuposa pamenepo, choncho ingolozani ndi nsonga ya singano m'mphepete mwenimweni mwa thabwa.

Mukamaliza, perekani makatoni aja kwa ophunzira osawauza manambala, kuti aliyense akaime pamene akuganiza kuti chinthu chake chinachitikira, kenako muwaonetse malo enieni. Ambiri amakaika ma dinosaur chapakati pa chingwe, ndipo amadabwa mukawabweza mpaka pafupi ndi golo. Pokulunga chingwecho muyambire kunsonga yakale kuti ya lero ikhale pamwamba, ndipo nsongayo muimange ndi ulusi wolimba, chifukwa khonje likayamba kumasuka limatha kudya masentimita awiri kapena atatu, ndipo chaka chamawa miyeso yonse idzafunika kuyambiranso.