Kasamalidwe ka cilonda kwa amayi amene anacekedwa pobereka

Nthawi zina mzamba amaceka pang'ono mnofu wa pakati pa njira yobadwira mwana ndi kotulukira cimbudzi kuti njira ikule. Pa khadi lanu amalemba kuti episiotomy. Si mayi aliyense amene amacekedwa: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2018 kuti kuceka kusakhale cizolowezi. Amaceka ngati mwana watopa ndipo afunika kutuluka msanga, kapena ngati akumukoka ndi cipangizo. Amayamba abaya jekeseni ya lignocaine kuti pacite dzanzi, ndipo amaceka copendekera kumbali.

Ulusi umene anakusokani nawo umasungunuka wokha. Musaukoke, ngakhale payabwe. Amayi ambiri cilonda cimapola pakatha mwezi umodzi.

Tsukani pamalopo ndi madzi aukhondo ofunda, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndiponso mukacoka ku cimbudzi. Yambani kutsogolo kupita kumbuyo, kuti zoipa zisafike pa cilonda. Mukatero umitsani mogunditsa pang'onopang'ono ndi kansalu koyera, osapekesa. Sinthani padi ikanyowa, musadikire kuti idzale. Ngati mugwiritsa nchito zidutswa za citenje, zicapeni ndi sopo ndi kuziyanika padzuwa, osati kuseri kwa citseko kumene ambiri timabisa. Mkodzo ukamawawa, thirani madzi ofunda pamalopo pamene mukukodza.

Apongozi kapena agogo angafune kukuthowani ndi madzi otentha kwambiri, kapena kuikapo mankhwala a zitsamba. Amatero cifukwa cokukondani, koma akanizeni mwaulemu. Madzi otentha amawaula khungu losokedwa, ndipo zitsamba zimalowetsa tizilombo. Pacilondapo pasaikidwe ciliconse cimene sanakupatseni kukiliniki.

Ululu ukakula imwani paracetamol monga anakuuzirani anamwino, siivuta mwana woyamwa. Aspirin musamwe. Poyamwitsa gonani cam'mbali. Imwani madzi ambiri, idyani ndiwo zamasamba ndi mapapaya kuti musadzimbidwe.

Bambo adikire mpaka cilonda citapola ndipo magazi atasiya.

Pitani kukiliniki tsiku lomwelo ngati cilonda catseguka, catupa kwambiri, cikutuluka mafinya kapena cikununkha, ngati thupi latentha, ngati padi ikudzala magazi ola limodzi lisanathe, kapena ngati mphweya ndi cimbudzi zikutuluka zokha. Ngakhale zonse zili bwino, bwererani pa masiku 6 ndi pa milungu 6 kuti anamwino akaonepo, mutatenga khadi lanu ndi la mwana.