Kulolera ndi kukana pa ntchito ku Joni: mmene mungasiyanitsire

Ambiri amene tikugwira ntchito za m'nyumba, za m'magadeni ndi za m'mashopu kuno ku Johannesburg tinabwera ndi mwambi woti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo mwambiwu umatithandiza kukhala bwino ndi anthu. Vuto limayamba tikazolowera kuvomera chilichonse poopa kuchotsedwa ntchito. Musanayankhe bwana, dzifunseni ngati chimene mukulolera lero mungadzachipezenso mawa.

Madamu akapempha kuti musinthe tsiku lopuma chifukwa kukubwera alendo, kapena kuti muweruke mochedwa Lachisanu, lolerani ndi mtima umodzi, popeza tsikulo lidzabwezedwa. Komabe lembani maola onse m'kabuku kanu, chifukwa lamulo la dziko lino limaika maola 45 pa sabata, ndipo ola lililonse loposera apo liyenera kulipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Anzanu ogona nawo chipinda chimodzi ku Yeoville kapena ku Mayfair musakangane nawo pa za malo ophikira ndi magetsi. Zimenezo zimatha mukakhala pansi n'kukambirana.

Pasipoti ndi nkhani ina. Bwana akanena kuti akusungireni, mupatseni fotokope, buku lenilenilo likhale m'manja mwanu, pakuti munthu wolandidwa pasipoti sangasiye ntchito yankhanza kapena kuthamangira maliro kumudzi. Musabwereke aliyense akaunti yanu ya kubanki kuti alandirirepo ndalama zimene simukudziwa gwero lake, ngakhale atakhala mlamu wanu, chifukwa apolisi akadzafufuza adzapeza dzina lanu. Apa ndimaona kuti abale ndi amene amavuta kuwakanira kuposa mabwana, koma mlandu ukabwera sagawana nanu.

Pa malipiro mungathe kukambirana za ndalama yoonjezera, koma pali malire amene simuyenera kutsikirapo. Pa 1 Marichi 2025 malipiro otsikitsitsa anafika pa R28.79 pa ola, ndipo boma limawaunikanso chaka ndi chaka. Kuyambira 2022 antchito a m'nyumba amayenera kulandira mlingo womwewo ngati wina aliyense. Mukavomera zochepa, mumatsitsiranso mtengo m'bale amene adzalowe pamalo panupo.

Kukana sikufuna kukweza mawu. Sankhani nthawi imene bwana ali yekha, mulankhule mwaulemu, munene chinthu chimodzi chimene simungachite ndiponso china chimene mungachite m'malo mwake, kenako mutumize uthenga wa pa WhatsApp wobwereza zimene mwagwirizana kuti pakhale umboni. Akakuchotsani ntchito mopanda chilungamo, muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya antchito ndi mabwana awo, ndipo kumeneko salipiritsa. Mu 2008 khoti la za ntchito linagamula kuti ngakhale mlendo amene chilolezo chake chinatha ndi wantchito wotetezedwa ndi lamulo, choncho popita ku CCMA tengani kabuku ka maola ndi mauthenga onse a pafoni.